Kusaka nyama ndi kamera pakati pa Chilwa ndi Chiuta

Ojambula nyama zakutchire sanena poyera, koma chilala amachikonda. Udzu ukauma n'kugwa, mitengo ikayoyola masamba, zithaphwi za m'tchire zikaphwa, nyama zimene mwezi wa Febuluwale ungazisake mpaka dzuwa kulowa osaona ngakhale mchira zimabwera zokha kumtsinje, pa nthawi yodziwika. Fumbi limene limatsokomoletsa anthu ndi lomwelo limafiiritsa kuwala kwa m'mawa, chithunzi n'kukoma. Mlimi akamayang'ana kumwamba ndi nkhawa, mwini kamera amakhala akupukuta lenzi.

Mu Novembala 2018 nyuzipepala zinadzaza ndi zithunzi za maboti atagona pamatope ouma pa doko la Kachulu ku Zomba. Nyanja ya Chilwa inali itathawa. Ndinanyengerera mlamu wanga, amene ali ndi pikiapu yokalamba koma yomvera, kuti tikaione nyanjayo kuchokera mbali imene ojambula safikako: kumpoto chakum'mawa, pa Entre Lagos, m'boma la Mecanhelas ku Mozambique. Popeza njira yake imadzera pa Liwonde, tinagwirizana zoyamba talowa m'paki, tokha, opanda wotiperekeza.

Paki ya Liwonde ndi ya masikweya kilomita 548. Inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2015. Pofika nthawi ya ulendo wathu n'kuti atazula misampha ya waya masauzande ambirimbiri, atazunguliza mpanda wamagetsi, atasamutsa njovu zoposa 300 kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, atabweretsa akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018. Tinafika pageti kusanache bwino, chifukwa wa kamera amene walowa m'paki 9 koloko mwezi wa Novembala wangotaya ndalama. Dzuwa likakwera, nthaka imatulutsa mpweya wotentha umene umavina pakati pa lenzi ndi nyama, ndipo ngakhale kamera ikhale yodula chotani, nswala imene ili patali imatuluka yosungunuka m'mphepete.

Kuyenda wekha kumafuna maso ena. Wotiperekeza akanatiuza kumene mikango yagona. Ife tinayenera kuwerenga msewu. Ndowe ya njovu ikakhala yonyowa, ntchentche zikadali pomwepo, eni ake sali kutali. Mapazi ake akaponda pamwamba pa mizere ya matayala, ndiye kuti adutsa galimoto yomaliza itapita kale. Anyani akamakuwa ali pamwamba pa mtengo, onse atayang'ana mbali imodzi, imani. Zina ndi za luso wamba: injini muithimitse musanajambule, chifukwa kunjenjemera kwake kumafika m'chithunzi; pawindo muyikepo kathumba ka mpunga kotsamiritsa lenzi; lenziyo musaisinthe panja pali fumbi. Thumba lathu la mpunga linali la makilogalamu 2, ndipo linagwira ntchito kuposa chipangizo china chilichonse chimene ndinagula ku Johannesburg.

Nkhalango ya tsanya inali mbee, moti diso limalowa mkati mtunda wautali. Ngoma zinaima pansi pa mitengo yopanda mthunzi, nthiti zikuwerengeka. Njiri zinagwada n'kumafukula mizu. Kufupi ndi mtsinje, m'chigwa cha migwalangwa, kunali anakodzwe ndi nswala zosawerengeka, zonse zitapanikizana pa kachingwe ka msipu wobiriwira kotsatira madzi.

Pamalo ena tinapeza njovu yaikazi ikusenda mlambe. Inalowetsa mnyanga pansi pa khungwa, n'kukankha ndi mutu, kenako n'kukoka ndi chitamba luzi lalitali loyera lomwe linang'ambika ndi phokoso lomveka m'galimoto. Mkati mwa mlambe muli madzi, ndipo nyengo ikauma njovu zimautafuna monga chakudya ndi chakumwa pamodzi. Kamwana kake kankatola zogwa pansi. Mtengowo unali utadyedwa kale mbali imodzi mpaka kupanga phanga lolowa munthu. Mayiyo anatembenuka, natambasula makutu, fumbi likugwa pamsana pake.

"Alamu, musalize injini," ndinanong'ona.

"Inu mukufuna chithunzi, ine ndikufuna galimoto yanga," anayankha, dzanja lili pa kiyi. "Inshulansi yanga za njovu sizidziwa."

Njovu inatiyang'ana kanthawi, inaona kuti ndife achabechabe, n'kubwerera ku mlambe wake. Chithunzi chimenecho chinatuluka bwino kwambiri, ndipo amene amachiona amayamikira kuwala, osafunsa chimene chachititsa nyama yaikulu chotere kudya thunthu la mtengo.

Kumtsinje kunali nkhani ina. Masabata omwewo mvuu zinkafa mu Shire, zoposa 20 pofika kumapeto kwa mweziwo, ndipo kenako boma linatsimikiza kuti anali matenda a anthrax. Tizilombo ta matendawa timagona m'dothi zaka zambiri, ndipo nyama zimatimeza msipu ukatha, zikamadya mopalasa nthaka. Tinaona mvuu imodzi itatupa, miyendo m'mwamba, ng'ona zikuizungulira mosafulumira. Pamwamba panali miimba. Mbalame zimenezi zinali zitasowa mu Liwonde kwa zaka, zinabwerera akakwiyo atayamba kusiya zotsala m'tchire. Mlamu wanga anakweza galasi chifukwa cha fungo. Ine ndinatsitsa langa.

Komabe chilala cha mu Liwonde n'chofewa. Shire amamwa ku nyanja ya Malawi, ndipo kuyambira 1965 madzi ake amawongoleredwa pa baraji ya Kamuzu pa tauni ya Liwonde pomwepo. Mtsinjewu unalekapo kuyenda pakati pa 1915 ndi 1935, nyanja itatsika kwambiri, koma palibe njovu ya lero imene ikuzikumbukira. Nyama za m'paki zimaonda, zina zimafa, koma madzi zili nawo, mpanda zili nawo, ndi asilikali oziteteza. Kuti tione chilala chopanda mpanda tinayenera kutuluka.

Tinatsata msewu wa ku Ntaja n'kukhotera kum'mawa pa Nsanama. Kuchokera apo linali fumbi lokhalokha. Minda inali itagaulidwa kale, mizere ili ndondondo kudikira mvula. Pa mjigo uliwonse panali mzere wa zigubu zachikasu. Mango okha ndiwo anali osasowa, ana akugulitsa ndowa yathunthu pa mtengo wa botolo limodzi la madzi ogula. Kumanja kwathu kunali njanji, ndipo sitima ya malasha inatipeza: mabogi oposa 100, akuda bii, ochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, odutsa m'Malawi kupita kudoko la Nacala. Mlamu wanga anayesa kuwawerenga, anatopa.

Njanji imeneyi ndiyo inabala matauni awiri a pamalire, Nayuchi kuno ndi Entre Lagos uko. Inatsegulidwa mu 1970, kuchokera pa Nkaya, nthawi imene Kamuzu Banda ankagwirizana ndi Apwitikizi kuti Malawi apeze njira yachiwiri yofikira kunyanja yamchere kuwonjezera pa ya ku Beira. Amisiri anaidutsitsa pa mtunda wamchenga umene umalekanitsa Chilwa ndi Chiuta, chifukwa kwina konse ndi dambo. Kale nyanja ziwirizi zinali imodzi. Mchengawo unaunjikana zaka masauzande angapo zapitazo n'kutsekera Chilwa payekha. Mu 1984 nkhondo ya Renamo inadula njanjiyi, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi analowa kukalondera. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, gawo la makilomita 77 lochoka pa Entre Lagos kukafika ku Cuamba linakhalabe lotchuka ndi kuwonongeka, sitima ikukwawa, mpaka pamene linakonzedwa. Pa nthawi ya ulendo wathu njanji inali bwino kuposa msewu uliwonse wa m'deralo.

Pamalire kamera ndinaitsekera m'chikwama. Malo otere sajambula. Galimoto imafuna chikalata cholowera kwa kanthawi, inshulansi ya ku Mozambique, matirayango ndi chovala chowala chija. Tinamaliza dzuwa litapendeka.

Entre Lagos ndi kamzinda ka siteshoni, msika ndi magolosale. Zolemba pa makoma ndi Chipwitikizi, koma pamsika mumamveka Chinyanja, Chilomwe ndi Chiyao, ndipo wogulitsa amalandira kwacha kapena metikali, kuwerengera m'mutu mofulumira kuposa foni. Tinagula mapau otentha ndi nsomba zouma zochepa, zodula kuposa za ku Zomba. Mayi wogulitsa anati, "Achimwene, musadandaule mtengo. Matemba a chaka chino ndi omwewa." Titanena kuti tabwera kudzajambula nyama, anthu a pakhonde anaseka. Mkulu wina wa ndevu zoyera anati mphoyo zinalimo m'madambomu iye ali mnyamata, koma nkhondo ndi njala zinamaliza. Zoona, David Livingstone atafika pa Chilwa ndi John Kirk mu Epulo 1859 anapeza madzi owawa mchere okhala ndi mvuu ndi ng'ona. Nyama zazikulu za m'zigwa zozungulira nyanjayi zinatha kalekale. Zotsala ndi za mapiko ndi za mamba.

Zimenezo sizochepa. Chilwa ndi lichero la nyanja: yotakata, yosazama, nthawi zambiri yosapitirira mamita 2 kapena 3. Mitsinje imalowamo, Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani kuchokera ku Malawi, Mnembo kuchokera ku Mozambique, koma palibe wotuluka. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ali ndi mchere, n'chifukwa chakenso mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana nyanja imaphwa. Inaumiratu mu 1968, inaumanso mu 1995. Ikadzaza imabala matemba, makumba ndi milamba yochuluka, moti zaka zabwino gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse za m'Malawi limachokera kuno. M'madambo ake a njedza mumakhala mbalame za m'madzi za mitundu yoposa 150, zina zochokera ku Ulaya ndi ku Asia. Ndicho chifukwa chake mbali ya Malawi inakhala malo oyamba m'dziko muno kulembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo.

Mkulu uja anatipezera mdzukulu wake, msodzi wopanda nyanja, kuti atitsogolere m'mawa mwake. Anafika kukadali mdima, atanyamula ndodo yaitali ndi kathumba ka saka. Tinatsika mtunda wamchenga kulowera kumwera, kudutsa minda ya mpunga youma gwaa, mpaka pamene njira inatha ndipo patsogolo panali pululu.

"Apa n'pamene tinkakocheza," anatero. "Bwana, mundilole nditsogole wapansi. Pamwamba n'pouma, koma pansi pali phala."

Anayenda patsogolo pa galimoto akubaya nthaka ndi ndodo. Ikalowa pang'ono ankakodola, ikamira ankatikhotetsa. Dothi linali litang'ambika ming'alu yolowa dzanja mpaka m'chigongono, pamwamba pake patayera mchere. Tinadutsa mabwato atagadabuzidwa, miyono itaphwanyika, zigoba za nkhono. Tinadutsa chimbowera, nyumba ija ya pamadzi imene asodzi amamanga pa njedza zoyandama n'kukhalamo miyezi. Chinali chitakhala pansi, chopendekera, chitseko chili chomangidwa ndi chingwe monga mwini wake angobwera. Ng'ombe zinkadya kumene kunali nyanja. Patali madzi ankaoneka waliwali, koma tikayandikira ankasuntha. Pomaliza mnyamatayo anakweza dzanja. Mlamu wanga anatsala ndi galimoto, akuti akaitaye m'phala ndani akamuthandize kufotokoza kunyumba, ndipo ife awiri tinapitirira wapansi.

Madzi enieni tinawamva ndi mphuno tisanawaone. Linali thamanda lalitali m'mphepete mwa njedza, lofika m'akakolo, lobiriwira. Mbalame zimene chaka chabwino zimamwazikana m'dambo lonse zinali pamenepo. Akakowa oyera anandanda m'mphepete. Achimeza anaima chilili, aliyense pamalo pake. Avuwo anali pakati, akusuntha pamodzi, milomo ikumira nthawi imodzi. Panali atsekwe, abakha a m'tchire oimba mluzu, nantchengwa mmodzi akupalasa matope ndi phazi, ndi timbalame totuwa ta miyendo yaitali tija timabwera kuchokera kumpoto kwa dziko lapansi mwezi wa Okutobala, tikuthamanga uku ndi uku. Ndinagona chafufumimba padothi lofunda kale, lenzi pa kathumba ka mpunga. Kujambula mbalame utaima kumatulutsa matope kumbuyo kwake. Ukatsika kufika pa msinkhu wa diso lake, kumbuyo kumasungunuka, mbalame n'kuima yokha. Chimeza mmodzi anabaya mlamba waung'ono, naugwetsa, naubayanso, n'kuutembenuza kuti mutu utsogole. Anaumeza khosi likufufuma. Ndinajambula zonsezo dzuwa lili kumbuyo kwanga, kamera ikutsekula ndi kutseka pa 1/2000 ya sekondi. Mu Liwonde sindinayandikirepo mbalame chonchi.

Nditadzutsa mutu ndinapeza mnzanga palibe. Anali m'njedza, atawerama. Ndinamutsatira. M'tinjira timene nkhuku za m'madzi zimadutsa anali atatchera timisampha ta ulusi wa nayiloni wosomola ku matchera akale, tambirimbiri, tomangidwa pa chingwe chimodzi chokhomedwa ndi zikhomo. Mbalame ikaponda, kamlupu kamamanga mwendo. Anali akuwonjola imodzi ya zala zazitali ndi mlomo wofiira, ikuphiriphitha. Anaipotokola khosi mosachedwa n'kuiponya m'saka momwe munali kale zina.

"Bwana, msampha jambulani, koma nkhope yanga ayi."

Ndinajambula manja ake ndi ulusiwo. Anandifotokozera kuti nsomba zikakhalapo iye mbalame sazilabadira. Kukhetsa khoka kumalipira kuposa kuwerama m'njedza. Nyanja ikaphwa, aliyense amene anali ndi bwato amasanduka mlenje. Zina amadya, zina amaziwamba n'kukagulitsa pa siteshoni ndi m'misika ya ku Malawi. "Ana sangadye nsima ndi mchere," anatero. "Ndipo chaka chino sizivuta kugwira. Zonse zili pamodzi."

Mawu omalizawo ndi omwe ndikananena ine pofotokoza ubwino wa m'mawa umenewo. Chimene chinandisonkhanitsira mbalame kutsogolo kwa lenzi n'chomwecho chinamusonkhanitsira m'misampha, ndipo pa awirife iye ndiye anali ndi chifukwa chomveka chobwerera kumeneko. Nkhaniyi si yachilendo. Nyanja itauma mu 1995 ulenje wa mbalame unakula kwambiri, ndipo kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame zoposa 1 miliyoni zinkagwidwa pa chaka ku mbali ya Malawi. Pambuyo pake alenje anakhazikitsa makalabu mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, n'kupatula malo oswanirana mbalame ndi miyezi yoletsa kusaka. Ndi nzeru yabwino, ndipo ine ndimaiona yoposa kutumiza apolisi kukalanda misampha. Koma lamulo la kalabu limagwira pamene m'nyumba muli ndiwo zina. Chaka chimene nsomba zatha, mbalame zapanikizana, ndipo zikufunika chitetezo koposa, ndi chaka chomwecho chimene palibe angakwanitse kuzisiya.

Kumapeto kwa thamandalo kunali ana ndi amayi ali ndi madengu, akupapasa milamba m'matope ndi manja. Mlamba umapirira, umatha kupuma mpweya wa kunja, ndipo umakhala womaliza kufa. Nsomba zimene zimadzabwezeretsa nyanja ndi zimene zimabisala m'maiwe akuya a mitsinje yolowamo, n'chifukwa chake mu 1995 mafumu ndi a zausodzi analetsa kupha nsomba m'maiwe amenewo. Za m'thamandali zinalibe kothawira. Chimeza kapena dengu, chimodzi chinayenera kuzitenga.

Madzulo tinakwera mtunda uja n'kutsikira kumpoto, ku Chiuta. Kusiyana kwake n'kodabwitsa pa mtunda waufupi chotero. Chiuta nayenso anali atabwerera, koma madzi analipo, oyera, mabwato akuyenda, nkhwazi ikulira pamwamba pa bango. Nyanjayi ili ndi khomo: madzi akachuluka amatsikira ku nyanja ya Amaramba, kumene kumayambira mtsinje wa Lugenda, umene umadutsa m'nkhalango yaikulu ya Niassa kukathira mu Rovuma. Kumeneko ndiye kuli safari imene alendo amalota, masikweya kilomita 42,000 a tchire. Nako kunali ndi mavuto ake: njovu zinatsika kuchoka pa 12,000 mu 2011 kufika pochepera 4,500 mu 2014 chifukwa cha opha minyanga. Mlamu wanga anafunsa kutalika kwake, anamva, n'kunena kuti pikiapu yake ili ndi ana ofunika kuwapititsa kusukulu. Asodzi ambiri a pa Chiuta tsiku limenelo anali a ku Chilwa, atasenza mabwato pa ngolo kuwoloka nawo mchenga, ndipo eni malo sankabisa kuti alendo achuluka.

Mu Marichi 2019 kunagwa mvula yamphamvu imene pambuyo pake inasanduka namondwe Idai. Inagumula nyumba ku Phalombe, ku Zomba ndi ku Machinga, ndipo Chilwa anadzazanso. Mu 2023 namondwe Freddy anawonjezera. Pamene tinaimika galimoto paja panabwerera mabwato.

Amene akufuna kujambula mbalame za pakati pa nyanja ziwirizi ndimamuuza kuti apite kumapeto kwa dzinja, mu Marichi kapena Epulo, za ku Ulaya zisananyamuke. Galimoto aisiye pa Nayuchi kapena pa Entre Lagos, chifukwa makande a kumeneko akanyowa sakhululuka, ndipo alembe msodzi ndi bwato lake. Mbalame adzazivutikira, zambiri adzangozimva zikulira m'njedza, ndipo zithunzi zake sizidzafika pa zanga za 2018. Ndalama ya bwato alipire imene mwini wake watchula.